Kuunika Board Monga Dzila

Pano pa Livingstone tili na mankhwala amodzi a matenda onse a zamagetsi. Foni ikauma, timaizima na kuiyatsanso. Ikakana, timaipeleka kwa anyamata a m'tauni kapena a ku Maramba kuti akaiflashe. Decoder, router, laputopu, zonse njila ni imodzi: zima, yatsa, ukalephela fufuta zonse uyambilenso. Nthawi zambili zimasebenza, ndipo siningawanyoze amene amadyela pamenepo. Koma mankhwala aya amachilitsa osakuuza chimene chinadwala. Ukazima chinthu chimene chauma, wasesa mapazi a kawalala pabwalo. Mailo azabwelanso, iwe ukali osadziwa pamene amalowela.

Pa foni, kusadziwa kumeneku kumakudyela chabe nthawi na ndalama pang'ono. Pali makina ena amene kusadziwa kumapha zamoyo.

Amai anga aang'ono a ku Libuyu amaweta nkhuku za kumudzi na kugulitsa anapiye. Mwana wawo woyamba, amene kwa ine ni mkulu wanga, anawapangila incubator mu filiji yakale asanapite ku nchito ku Solwezi. Mkati anaikamo mababu awili otenthetsa, fani ya mu kompyuta, kasensa kopima kutentha na chinyezi, na relay yoyatsa na kuzima mababu. Kunja anaika kasikilini koonetsa madigili. Woyendetsa zonsezi anali Raspberry Pi Pico, kaboard kobiliwila kotalika mamilimita 51 chabe, kamene kanatuluka mu January 2021 pa mtengo wa madola 4. Pakati pake pali chip yochedwa RP2040.

Dzila la nkhuku limafuna masiku 21 kuti liswe, pa kutentha kwa madigili pafupifupi 37.5. Likazizila kwa mphindi zochepa palibe mlandu, pakuti ngakhale thadzi limachoka pa mazila kukadya. Likazizila usiku wonse, kapena likatenthedwa kupitilila, kamwana ka mkati kamafa mwakachetechete, ndipo mwini amazadziwa pambuyo pa masiku ambili.

Mu 2024, chaka cha chilala chimene boma linalengeza pa 29 February kuti ni tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anachepa ndipo malaiti anali kupita maola ambili tsiku lililonse. Amai anagula batile na inveta yaing'ono kuti incubator isamazime. Apo m'pamene vuto linayambila. Masiku ena usiku, board inali kuuma. Sikilini inali kuonetsa 37.6 bwinobwino, nambala yosasuntha, pamene mkati munali kuzizila kapena kupsa. Pulogilamu ikaima, relay imakhalila pamene inali: ngati mababu anali oyaka amayakabe, ngati anali ozima amazimabe. Mazila 60 a ulendo woyamba anaswa ochepa maningi. A ulendo wachiwili amai anawagula na ndalama za chilimba, zimene anafunika kubweza mwezi wotsatila.

Mkulu wanga pa foni anali na yankho lathu lija: "Ichotseni ku malaiti, muibwezenso." Zinali kusebenza. Koma kuti uichotse ku malaiti ufunika kukhala maso pa nthawi imene yauma, ndipo mu June usiku wa ku Livingstone umazizila zoona. Amai anali kuuka kanayi usiku umodzi kukapisa dzanja mu filiji. Tsiku lina ananiitana n'kuniuza kuti, "Mwana wanga, ine nakula. Siningakhale thadzi la mazila 60. Iwe umagwilagwila tumawaya, bwela uione."

Ninapita pa tsiku la 7 la mazilawo, ndipo ninawapeza ali pa nchito imene aliyense woweta nkhuku amaidziwa. Anatseka chitseko na windo kuti mukhale mdima, n'kumatenga dzila limodzilimodzi, kuliika pa tochi ya foni. "Ona, ili lili na moyo, mitsempha iyi yofiila. Ili lasukuluka, liike uko." Sanaswe dzila ngakhale limodzi. Anali kuona mkati chikoko chili chotseka, n'kubweza dzila pamalo pake kuti lipitilize kukula.

Board nayo ingaunikidwe chimodzimodzi, ndipo tochi yake ni debugger.

Ma chip ambili opangidwa pa pulani ya kampani ya Arm, kuphatikizapo RP2040, ali na kakhomo kakumbuyo kochedwa SWD. Pa Pico kakhomoka ni tumabowo tutatu tuli kumapeto kwa board, tolembedwa SWCLK, GND na SWDIO. Ukalowela pamenepo ungaimitse purosesa pakati pa nchito, kuifunsa mzele wa pulogilamu umene ilipo, kuwelenga zimene yasunga mu memory, n'kuilekelela kuti ipitilize. Ambili a ife tinazolowela kufufuza vuto mwa kuika tumizele tolemba mawu pa sikilini, "nafika apa", "nafika apa futi". Njila imeneyi imakuuza chabe zimene unaganizilatu kufunsa, ndipo board ikauma imaleka kulemba. SWD siyembekezela pulogilamu kuti ikambe. Imalowa ngakhale pulogilamu yaima.

Vuto n'lakuti laputopu simadziwa chitundu cha SWD. Pafunika womasulila pakati, kachipangizo kamene mbali imodzi kamamva USB, mbali ina SWD. A Raspberry Pi amagulitsa kotelo, Debug Probe, kamene kanatuluka mu February 2023 pa madola 12. Koma kuitanitsa chinthu chotelo kuti chifike kuno kumatenga nthawi, ndipo mazila anali atatsala na masiku 14. Mwayi unali wakuti firmware ya mu Debug Probe ni yaulele, ndipo ilipo ina yokonzedwela Pico wamba. Poyamba inali kuchedwa picoprobe, manje imachedwa debugprobe.

Ine ninali na Pico yanga imodzi, imene inabwela pa basi kuchoka ku Lusaka. Ninali nitaiikamo pulogilamu yopima madzi mu thanki, nchito ya milungu ingapo imene ninali kunyadila kwa anzanga. Kuika firmware ya debugger kunatanthauza kuichotsa pa thanki na kuisandutsa chinthu chimene sichiyatsa babu, sichiliza belu, sichionetsa nambala iliyonse. Nchito yake ikanakhala kuyang'ana inzake basi. Ninaimasula pa thanki madzulo amenewo.

Kuika firmware kweniko n'kosavuta kuposa kuflasha foni. Umatenga fayilo yochedwa debugprobe_on_pico.uf2 pa GitHub ya Raspberry Pi. Umadinikiza kabatani koyela ka BOOTSEL pa board, n'kulumikiza USB ku laputopu chala chikali pa batani. Pa laputopu pamatuluka drive yatsopano, dzina lake RPI-RP2, monga waika flash disk. Umakopela fayilo ija mmenemo. Drive imazimililika yokha, board imayambanso, ndipo kuchokela apo laputopu imaiona ngati debugger ya mtundu wa CMSIS-DAP. Amene akuona koyamba amachita mantha drive ikasowa, koma kusowako ndiye chizindikilo chakuti zatheka.

Pali zinthu zitatu zimene zimagwetsa anthu pamenepa. Choyamba ni waya wa USB. Mawaya ambili a pa msika ni ochajila chabe, mkati mulibe tumawaya twa data, ndipo drive siizatuluka ngakhale udinikize batani mpaka chala kuwawa. Chachiwili ni fayilo. Pico 2, imene inatuluka mu August 2024 na chip ya RP2350, ili na fayilo yakeyake, debugprobe_on_pico2.uf2. Chachitatu ni mantha. Pulogilamu imene imamva batani la BOOTSEL inalembedwa mu ROM ya chip ku fakitale ndipo singafufutike, choncho ukaika fayilo yolakwika umangodinikiza batani futi n'kuyambanso. Board iyi siifa na kuflasha.

Kulumikiza maboard awili kumafuna mawaya atatu. GND ya debugger imapita ku GND ya board yodwala, ndipo uyu ndiye waya woyamba kuika nthawi zonse. Pini ya GP2 imapita ku SWCLK, GP3 ku SWDIO. Ofuna kuonanso mawu amene board imalemba angawonjezele awili, GP4 ku GP1 na GP5 ku GP0. Mawaya akhale aafupi. Pico ya mu filiji inalibe mapini pa tumabowo tutatu tuja, motelo tinazima incubator kwa mphindi zochepa masana kukutentha, ine n'kuwotchelela mapini na soda, amai atafunditsa mazila na chitenge.

Pa laputopu pamafunika mapulogilamu awili aulele. OpenOCD ndiye imakamba na debugger, ndipo umaiuza mafayilo awili, interface/cmsis-dap.cfg na target/rp2040.cfg. Ikapeza chip imatsegula port 3333. GDB imalowela pa port imeneyo, ndipo ndiye imene iwe umakamba nayo. Kuti GDB ikuuze maina a mafankishoni na manambala a mizele, ifunika fayilo ya ELF yofanana ndendende na pulogilamu ili mu board. Mkulu wanga anatumiza code yake pa WhatsApp, ine n'kuimanga popanda kusintha kalikonse, n'kuilowetsa kupitila mu debugger yomweyo. Ninafuna kuti matenda akhalemo mmene analili, kuti niwapeze ali pa nchito.

Chotsala chinali kuyembekezela. Ninayala mphasa pafupi na filiji, laputopu yochajidwa pambali. Usiku woyamba palibe chinachitika. Wachiwili chimodzimodzi. Amai anayamba kunikonzela tiyi monga mlendo wa pa malilo. Usiku wachitatu, cha m'ma 02:00, malaiti anapita, inveta inalila kamodzi, ndipo nambala pa sikilini inaima. Tinaipenyetsetsa mphindi ziwili, osasuntha. Amai anatambasula dzanja kuti azule pulagi.

"Amai, lekani pang'ono. Musaikhudze."

"Iwe, mazila anga azazizila."

"Nipatseni mphindi zisanu chabe."

Ninayatsa OpenOCD, inapeza chip. GDB itangolumikiza, purosesa inaima pamene inali. Ninalemba zilembo ziwili, bt, lamulo limene limaonetsa njila yonse imene pulogilamu yadutsa kufika pamene yaima. Panatuluka mizele yochepa. Pamwamba panali fankishoni yowelenga sensa, ili kuzungulila pamalo amodzi. Ninailekelela, n'kuiimitsanso, ninaipeza pomwepo.

Sensa imakamba na Pico pa mawaya awili a I2C, umodzi wa data, SDA, wina wa koloko, SCL. Lamulo la I2C limalola sensa kugwila waya wa koloko pansi ikafuna kuuza purosesa kuti iyembekeze. Pa kamphindi kamene malaiti anachoka n'kulowa a inveta, sensa inasokonezeka, inagwila waya uja ndipo sinauleke. Fankishoni imene inali kuiwelenga ni ya mtundu woyembekezela popanda malile, ndipo inachita zimene inalembedwela. Board imene tinali kuinena kuti yauma inali yamoyo bwinobwino. Inali ngati mwana waulemu amene watumidwa kunyumba ya aneba, waodila, sanayankhidwe, ndipo waimilila pakhomo mpaka kucha chifukwa palibe anamuuza kuti akapanda kuyankhidwa abwelele.

Ninafotokozela amai zimenezi pamene tinali kuizima na kuiyatsa. Anaseka koyamba mu mlungu wonse, n'kukamba kuti, "Ndiye muuze kuti akaodila katatu azibwela."

M'mawa tinachita zomwezo. Mu Pico SDK muli fankishoni ina yowelengela I2C, i2c_read_timeout_us, imene umaipatsa malile a nthawi. Sensa ikapanda kuyankha katatu, pulogilamu manje imaidula magetsi kupitila pa pini imodzi, kuiyatsanso, n'kuyambanso kukamba nayo. Ikakanabe, mababu amazima ndipo kabelu kamalila kuti munthu auke. Tinayatsanso watchdog, kawotchi ka mkati mwa chip kamene pulogilamu ifunika kukagwedeza kawilikawili. Pulogilamu ikaleka kukagwedeza, chip imadziyambitsanso yokha. Pa RP2040 nthawi yaitali imene ungakapatse ni masekondi pafupifupi 8. Pokayatsa pali mwayi wosankha kuti kaziima debugger ikaimitsa purosesa, ndipo sankhani zimenezo, apo ayi board izaziyambanso nthawi iliyonse imene mufuna kuiunika.

Titadziwa kuti vuto lili pa sensa, maso anapita ku mawaya ake. Anali aatali ndipo anamangidwa pamodzi na a mababu. Tinawafupikitsa, kuwapatula, na kuika capacitor yaing'ono pa miyendo ya magetsi ya sensa.

Mwina mwaona kale kuti watchdog ni mankhwala athu aja, zima uyatse, kungoti manje chip imadzichitila yokha. N'zoona. Tikanaika watchdog tsiku loyamba, incubator ikanaoneka kuti yachila, ndipo mawaya aja akanakhalabe omangidwa pamodzi mpaka tsiku limene sensa ikanayamba kupeleka manambala abodza m'malo mokhala chete. Watchdog siimva nambala yabodza. Kuzima na kuyatsa kuli na malo ake, ndipo malowo ni pambuyo pakuti waona.

Pa tsiku la 18 amai analeka kutembenuza mazila, monga mmene zimafunikila. Pa tsiku la 20 tinayamba kumva tumawu mkati mwa zikoko. Pofika madzulo a tsiku la 21 munali anapiye 47. Ndalama za chilimba zinabwezedwa pa nthawi yake. Amai anayambanso kugona usiku wonse, ndipo kwa ine ichi chinali chachikulu kuposa anapiye.

Tauni yathu anthu amaidziwa chifukwa cha Mosi-oa-Tunya, na mlatho wa pa Zambezi umene unamalizidwa mu 1905, na kuti inali likulu la Northern Rhodesia kuyambila 1911 mpaka 1935. Achinyamata ambili sadziwa kuti inalinso tauni ya mafakitale. ITT Supersonic inali kupanga mawailesi kuno. Livingstone Motor Assemblers inali kulumikiza mamotoka a Fiat. Mafakitale amenewa kulibe lelo, ndipo ambili a ife nchito timaifuna ku malodge, ku matakisi na ku msika wa ziboliboli. Koma amene anaphunzila zamagetsi m'zaka zimenezo akalipo m'makomboni. Pali mudala wina ku Dambwa amene akali kukonza mawailesi pakhonde. Ninamuonetsa maboard anga awili olumikizidwa, n'kumufotokozela kuti iyi iyang'ana mkati mwa iyi. Sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Ife wailesi ikaleka kulila sitinali kuigogoda, mwana wanga. Tinali kutsata signal na mita, kuchoka ku eliyo mpaka ku sipika. Pamene yasowela, ndiye pali vuto."

"Ba mudala, ndiye chimodzimodzi."

"Eee, kungoti yanu ili na laputopu."

Luso limenelo silinafe pamodzi na mafakitale. Linangosowa chida, chifukwa mkati mwa chip simungapise mita. Makina amene azungulila ife lelo, ma inveta, ma charge controller a sola, mapampu a m'madimba, masikelo a pa msika, ambili ali na chip yoyendetsa pulogilamu. Akavuta, amene amadziwa kusintha board yonse ni ambili. Amene angakuuze chifukwa chake yavuta ni ochepa, ndipo amenewo ndiwo azafunidwa.

Kwa imwe amene mwayamba kusewela na maboard, kaya ku LIBES kapena pa tebulo ya kunyumba, nili na mawu ochepa. Mukaitanitsa Pico, itanitsani ziwili, imodzi muiike debugprobe tsiku lomwelo. Pa board iliyonse imene mupangila munthu, wotchelelani mapini atatu a SWD musanaitsekele m'bokosi, ndipo sungani fayilo ya ELF ya pulogilamu imene mwaikamo, chifukwa tsiku la vuto muzaifuna. Debugger imeneyi siithela pa Pico chabe. Imasebenzanso pa maboard ena a Arm amene ali na SWD, monga Blue Pill ya STM32F103, mukangosintha fayilo ya target mu OpenOCD. Pa Arduino Uno ya mtundu wakale siisebenza, chifukwa chip ya mmenemo ni ya banja lina. Kumbukilaninso kuti mapini a Pico ni a mavoti 3.3, musawapatse 5.

Thanki yanga mpaka lelo nimaipima na ndodo. Pico ija sinabwelelenso kumeneko. Imakhala mu kachitini pamodzi na mawaya ake atatu, ndipo yayenda kale ku Linda na ku Highlands m'matumba a anzanga. Amene aibweleka nimamupempha chinthu chimodzi: akaibweza aniuze mzele umene anapeza purosesa itaima.